Bokosi Lachitsulo Limene Ndinakabweza

Ine sukulu ndinalekeza sitandade 4, chaka chimene bambo anga anaona kuti zala zanga zakula mokwanira kusoka fodya. Kuwerenga ndinachita kutola m'njira ngati nkhuku: pamatumba a feteleza, pamabotolo a mankhwala a kunazale, panyuzipepala zokulungira usipa zimene nkhani yake imathera pomwe wogulitsa anang'ambira. Mpaka lero pali milandu ya kukhoti imene sindikudziwa kuti woweruza anagamula zotani. Anthu a kuno ku Lisasadzi amandinena kuti ndikaona chikwangwani ndimaima ngati ng'ombe yafika pamtsinje, ndipo sanama. Koma chikwangwani chimodzi chimene chikanandithandiza, cholendewera m'sitolo yaikulu ya ku boma, sindinachiwerenge. Tsiku limenelo maso anga anali pa mwana.

Mwanayo sindinabale ndine. Nditabwera kudzakwatira m'mudzi muno, mkazi wanga ndinamupeza ali ndi kamtsikana kongoyamba kumene kuyenda, bambo wake atapita ku Joni n'kungoti zii. Ndinalowa chikamwini, ndinapatsidwa malo omanga nyumba ndi chigafa choyanikamo fodya, ndipo kamwanako ndinakapeza mmene umapezera kamtengo ka mango pabwalo: sufunsa anadzala ndani, umangokatchinga kuti mbuzi zisadye. Kanayamba kunditchula kuti ababa popanda wokauza. Kusukulu ndinakamulembetsa ndekha, ndipo aphunzitsi atafunsa dzina la bambo ndinatchula langa. Palibe anatsutsa, ngakhale atsibweni ake, mlongo wake wa mkazi wanga, amene ndiye mwini mbumba pamudzi pano.

Kuwerenga ndinamuphunzitsira m'chigafa, tikusoka fodya. Ndinkaloza chilembo pathumba, iye n'kutchula, timanja tili bii ndi utomoni wa masamba. Sipanatenge nthawi, anandipitirira. Chingerezi changa ndi cha m'maso, sindinachimvepo m'kamwa mwa eni ake, ndiye mawu ambiri ndimawatchula mmene alembedwera. Iye ankandimvetsera mpaka nditamaliza, kenako n'kunena mwaulemu kuti aphunzitsi awo amatchula mwina, ngati kuti nkhaniyo ikadali kukambidwa ndipo mwina olakwa ndi aphunzitsiwo.

Zotsatira za mayeso a sitandade 8 zitatuluka, anasankhidwa kupita kusekondale ya atsikana yogonera konko. Ndinakaona ndekha pakhoma la ofesi ya ahedi, dzina lake kutsogolo, langa pambuyo. Ndinaliwerenga mobwereza mpaka makolo ena anandipempha kuti ndisendere, nawonso ali ndi ana.

Chaka chimenecho fodya anatuluka bwinoko. Kampani itadula za feteleza wake panatsala kenakake, ndipo ndinati katundu wa mwanayu sitikagula pamsika, tikagula m'sitolo yaikulu, ija ya magalasi, yomwe chikwama umasiya pakhomo n'kupatsidwa kachitsulo ka nambala. Tinapita awiri. Ine ndinkakankha kangolo ka waya, ndipo ndinagunda nako mashelefu kangapo, poti ngolo imene ndinazolowera imakhala ndi ng'ombe kutsogolo. Tinatenga matiresi, bulangete, bigiri yosambira, mbale, kapu ndi loko. Pa mabokosi achitsulo mpamene tinachedwa. Ine ndinkafuna lakuda, losaonetsa litsiro. Iye anawatsegula onse limodzilimodzi, kununkhiza m'kati, kugogoda chivindikiro ngati akugula chivwende, n'kusankha labuluu. Potuluka anaima pakabati ya galasi momwe munali mawotchi apamkono. Sanapemphe. Anangoyang'ana kawotchi kena ka lamba wofiira, kenako n'kuyang'ana ine, n'kunena kuti kusukuluko kuli belu.

Mlimi wa fodya ali ndi nthenda imodzi, ya kulemba. Belo likachoka pajeke yodindira fodya limakwera lole limodzi ndi mabelo a anthu ena, n'kukagona masiku pamzere ku okushoni, ndipo chomwe chimanena kuti ndi lako ndi zimene walemba pachiguduli basi. Amene anatayapo belo kamodzi nthendayi samachiranso. Ine ndinalemba khasu, njinga, kheni yothirira nazale, ngakhale benchi la kutchalitchi ndikanalemba akulu a mpingo akanalola. Ndiye katundu atangofika pakhomo ndinatulutsa utoto wakuda wolembera mabelo, ndinathyola kamtengo n'kutafuna nsonga yake kuti ikhale burashi. Mwana ndiye anandigwirira chitini. Pachivindikiro cha bokosi ndinalemba zilembo zazikulu ngati za pathupi pa lole, dzina lake ndi langa, iye akundiuza pamene mzere wayamba kupendekera. Ndinalemba pabigiri, ndinalemba pansi pa mbale ndi kapu. Matiresi ndinang'amba pepala la pulasitiki pangodya n'kulemba pansalu penipeni, poti pepala limatha. Pabulangete amake anasokapo zilembo ndi ulusi. Loko yekha ndiye anapulumuka, chifukwa ndinasowa polemba.

Sukulu itatsala pang'ono kutsegulidwa, masana ena kunafika galimoto yoyera, fumbi lili koboo pambuyo. Munatuluka munthu wathupi labwino, wa nsapato zosongoka, ndipo mkazi wanga atamuona anakhala pansi pomwe anaimapo. Anali bambo wake wa mwana. Ku Joni anabwerako kalekale, tsopano anali ndi bizinesi ya zipangizo za galimoto ku Lilongwe, ndipo za kukhoza kwa mwana anamva kwa abale ake.

Ndikanakonda ndikanakuuzani kuti anali munthu woipa. Zikanandipepukira. Koma anavula chipewa pondipatsa moni, anabweretsa shuga ndi mafuta ophikira, ananditchula achimwene, ndipo anandithokoza kuti ndamulerera mwana. Ndinamuyang'anitsitsa kufuna pomudera, ndipo chomwe ndinapeza ndi chipumi cha mwana wanga chili pankhope yake.

Nkhani inakakambidwa kwa atsibweni. Ine sindinaitanidwe, ndipo sindinadabwe. Mkamwini ndi mlendo ngakhale imvi zimumerere pamudzi pomwepo, ndipo pa mwana amene sanabale alibe ngakhale pokhosomolera. Ndinapita kunazale kukathirira mabedi amene ndinali nditathirira kale m'mawa. Madzulo atsibweni anabwera kudzandiuza zomwe mbumba yagwirizana. Mwana apita ndi bambo wake, akaphunzira pasukulu yolipira ya ku Lilongwe, yokhala ndi laibulale ndi makompyuta. Kumeneko matiresi ndi mabulangete ana amapeza konko, ndipo amabwera ndi zikwama za matayala. Ulendo unali wa Loweruka.

Akulu amati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Sananene chochita mnzakoyo akabwera ndi galimoto.

Ndinenenso chilungamo, mawu akuti laibulale ndi amene anandigwetsa. Ine amene moyo wanga wonse ndawerenga nkhani zong'ambika, ndikanaima bwanji pakati pa mwana ndi nyumba yodzaza mabuku? Ndinati zili bwino, alamu, mwaganiza mwanzeru. Atsibweni anaoneka kuti apepukidwa, poti anabwera atakonzekera mkangano, ndipo anakhalabe kanthawi tikukamba za mvula.

M'mawa mwake bambo uja anaona katundu ali pakona ya pabalaza, ndipo anandikokera pambali n'kunena kuti andibwezera zonse zimene ndawononga. Ndinakana. Ndinati sitoloyo imalandira katundu wobwezedwa, lisiti ndinasunga. Kwina kunali kunyada, sindikana. Koma m'mutu munali china. Chilichonse chimene mwanayo akanyamule chinali chochokera m'manja mwa munthu uja: chikwama, nsapato, yunifolomu, ngakhale sopo. Ine ndinkafuna chinthu chimodzi chokha chochokera m'manja mwanga chikwere nawo galimotoyo. Ndinkafuna kawotchi ka lamba wofiira kaja, ndipo ndinkafuna kukagula ndi fodya wanga, osati ndi ndalama yake yongodutsira m'thumba langa. Tsono fodya wangayo yense anali atagona pakonapo, atasanduka chitsulo ndi siponji. Za wotchi sindinauze munthu, ngakhale mkazi wanga. Ndinali nditaona kale m'maganizo mmene ndidzaitulutsire m'thumba la jekete Loweruka m'mawa, anthu onse akuona, ngakhale mawu oti ndidzanene ndinali nditawakonza.

Atsibweni atamva kuti ndikukabweza katundu anaseka. "Ndi dzina lonselo, alamu? Akakufunsani ngati mwabweretsa chikwangwani cha golosale."

Lachisanu m'mawa ndinatulutsira zonse kuseri kwa chigafa, pamodzi ndi botolo la parafini ndi kansanza. Bigiri, mbale ndi kapu zinayera msanga. Ulusi wa pabulangete ndinaudula ndi lezala n'kuusolola. Pamatiresi ndinangopaka pang'ono n'kuona kuti ndikukulitsa bala, ndinasiya. Koma pabokosi utoto unali utagwira. Parafini atalephera ndinatenga mchenga, mchenga utalephera ndinatenga mpeni. Ndinayambira kumapeto, ku dzina langa, poganiza kuti ndiko kumene mtima ungapirire.

Ndili mkati mopala ndinamva ndowa ikuikidwa pansi kumbuyo kwanga. Anali mwana wanga, akuchokera kumjigo.

"Ababa, mukufufuta?"

Sindinatembenuke. Nkhope yanga m'mawa umenewo sinali yoonetsa mwana.

"Ee, mayi. Likubwerera kwawo. Kumene ukupitako lilibe ntchito."

Anaima pang'ono. Kenako ndinamva akunyamula ndowa ija n'kupita. Ndinaganiza kuti wandimvera chisoni, wandisiya ndithane nazo ndekha, ndipo mumtima ndinamuyamikira kuti ndi mwana wanzeru.

Katundu ndinamanga panjinga n'kukankha mpaka kumsewu wa tala, matiresi ali pamwamba akundikanganitsa ndi mphepo njira yonse. Njinga ndinasiya kwa mayi wina wogulitsa tomato, n'kukwera matola. Foni m'nyumba mwathu ndi imodzi, ndipo ndinaisiya kwa mkazi wanga.

Mlonda wa pakhomo pa sitolo atandiona ndikubwera, bokosi pamutu matiresi m'khwapa, anatambasula dzanja. Anati madala, muno katundu amatuluka, salowa. Nditamuonetsa lisiti anandilozera tebulo la kumbali, la anthu obweza zinthu. Pamwamba pa tebulolo mpamene panali chikwangwani chija. Chinkanena kuti katundu wobwezedwa akhale mmene anagulidwira, wosagwiritsidwa ntchito, wosang'ambidwa, wosalembedwa. Chinalembedwa m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Ndinawerenga zonse ziwiri, kuti mwina Chingerezi chikhala ndi chifundo.

Patebulo panali mtsikana wosasiyana kwenikweni msinkhu ndi mwana wanga, wa zikhadabo zopaka utoto. Anayang'ana lisiti, anayang'ana katundu, kenako anakwinya mphuno.

"Adadi, katunduyu wasamba parafini?"

"Ndimafuna abwere waukhondo, mwana wanga."

Anaseka atagwira pakamwa, n'kunena kuti zimenezi zamukulira, aitane a supavaiza.

A supavaiza anali bambo wamtali wa makiyi ambiri m'khosi, malankhulidwe ake a chakumpoto. Sanafulumire. Anatembenuza matiresi n'kupeza ngodya ija, yomwe tsopano inali chibanga chakuda chonunkha. Bulangete analitambasula moyang'anitsa kugetsi, ndipo timabowo ta singano tinaoneka titandondozana, zilembo zonse zikuwerengeka. Kenako anafika pabokosi. Kumudzi, mumthunzi wa chigafa, ndinkaona ngati ndagwira ntchito yabwino. Koma pansi pa magetsi a m'sitolo ndinaona zomwe ndinachita. Popala utoto wakuda ndinapalira limodzi wabuluu, motsatira chilembo chilichonse, mpaka chitsulo chinatuluka chikung'anima. Dzinalo ndinali nditalilemba kachiwiri, ulendo uno ndi mpeni. A supavaiza anayendetsapo chala n'kuliwerenga mokweza, lonse, mpaka kumapeto.

"Ameneyu ndi ndani, adada?"

"Mwana wanga."

Anayang'ana bokosi, matiresi, bulangete, kenako ine, n'kutsitsa mawu. "Pepani. Watisiya?"

"Ayi, ali moyo. Wapeza sukulu yabwino koposa."

"Ndiye ndi nkhani yabwino."

"Ndi yabwino."

"Nanga bwanji osasungira mng'ono wake?"

Ndinati mng'ono wake palibe. Ine ndi mkazi wanga Mulungu sanatipatse wina.

Sindidziwa chinandimasula pakamwa. Zimene sindinauze mkazi wanga, zimene sindinauze abusa, ndinazikhuthula patebulo la obweza katundu, kumbuyo kwanga kuli munthu akudikira ndi ketulo yosatenthetsa madzi. Ndinanena za ku Joni, za galimoto yoyera, za Loweruka, za kawotchi. A supavaiza anamvetsera akuseweretsa makiyi. Nditamaliza anapuma mozama n'kundifotokozera bwinobwino, ngati munthu amene wazinenapo kambiri koma sizinamuzolowere. Anati chilichonse chimene alandira chimabwerera pashelefu, ndipo palibe kholo lingagulire mwana wake bokosi la dzina la mwana wina. Akalilandira, akuluakulu ake adzamudula pamalipiro, ndipo nayenso ali ndi ana kusukulu. Bigiri, mbale, kapu ndi loko anati alandira, parafini atsuka okha. Koma ndalama sapereka tsiku lomwelo, zimayamba zapita kulikulu, ndipo yankho limabwera pakapita masabata. Chomwe angathe lero ndi kundilola kusintha ndi chinthu china cha mtengo wofanana.

Ine mabelo anga anabwezedwapo ku okushoni. Ndimadziwa mmene munthu amaimira katundu wake akakanidwa, manja kumbuyo, kugwedeza mutu ngati ukugwirizana nazo. Ndinaima choncho.

Mtsikana uja anandiperekeza kukabati ya mawotchi. Kanalipo, pamalo pomwe paja. Anawerengera pafoni yake, anabwerezanso, n'kupukusa mutu. Sizinayandikire n'komwe. Ndinabwerera kwa a supavaiza n'kunena kuti atenge ndi bulangete lomwe, ndi matiresi omwe, akagonere alonda a usiku, bokosi asungiremo matsache, angondipatsa kawotchiko. Ndinafika potchula jekete limene ndinavala.

"Adada, pano si pamsika," anatero. Sananene mwamwano. Ananena akuyang'ana pansi.

Ndinatuluka ndi bokosi langa kupita kumsika weniweniwo, kwa ogulitsa mabokosi ndi masutikesi. Iwonso anayendetsa chala padzina paja, ndipo mtengo umene anatchula unali wa nkhuku yodwala chitopa. Ndinayenda kwa wina, n'kwa wina, dzuwa likukwera, chitsulo chikunditentha pamutu. Wina anati matiresi atenga koma mawa, lero sizinayende. Nditatopa ndinabwerera kusitolo, ndipo mlonda anangondisunthira osafunsanso.

Ndinazungulira mashelefu ndikufunafuna chomwe bigiri, mbale, kapu ndi loko zingakwanitse. Sopo ali naye. Zolembera ali nazo. Ndinaima pa timagalasi todziyang'anira, ndinaima pa maambulera. Mapeto ake ndinatenga katochi kakang'ono ka mabatire. Ndinati ku Lilongwe nakonso magetsi amazima, ndipo mwana amene ndikumudziwa ine sangasiye buku pakati chifukwa cha mdima. Mtsikana wa patebulo anakakulunga m'pepala lamaluwa limene anati linang'ambika kale, silingagulitsidwe. Sindinaone pomwe linang'ambika. Potuluka mlonda anandithandiza kusenza, n'kunena kuti ndine kasitomala woyamba kulowa ndi katundu wambiri n'kutulukanso naye yemweyo. Ndinaseka naye. Mtima unali utatsikako pang'ono. Wotchi yakanika, koma m'thumba la jekete munali kanthu, ndipo mawu amene ndinakonza aja ankangofunika kusintha pang'ono.

Matola a masana sanyamuka asanadzaze, ndipo tsiku limenelo anthu ankachita kubwera mmodzimmodzi. Pamene ndinkamanganso katundu panjinga kwa mayi wa tomato, dzuwa linali litapendeka. Ndinakankha kudutsa m'minda yopanda kanthu, mapesi a fodya ali mbwee, mpaka ndinalowa m'mudzi.

Pabwalo panali mizere ya matayala, yolowa ndi yotuluka. Mkazi wanga anali pakhonde, atakhala chotambalala, maso ofiira.

"Apita," anatero.

Masiku amenewo mafuta a galimoto ankasowa, anthu ankagona pamizere. Bambo uja anaimbiridwa foni kuti mafuta afika ku Mponela, ndipo akadikira Loweruka akapeza atatha. Anabwera masana n'kunena kuti anyamuke lero lomwe. Anandidikira, mkazi wanga anatero, anandidikira ndithu, munthuyo anazimitsa injini kawiri konse. Koma sakanadikira mpaka kalekale.

Ndinali ndikadagwira njinga. Ndinafunsa ngati mwana wasiya mawu.

"Bokosi analifuna."

Sindinamve bwino, ndiye anafotokoza. Mkazi wangayo nayenso anazidziwa masana omwewo. Dzulo lake madzulo, kwa atsibweni, mwana anatsutsana ndi bambo wake. Anati zina zonse zitsale, koma popanda bokosi labuluu sakwera galimoto. Bamboyo anati kusukuluko anzake akamuseka, iye anati aseke. Munthuyo anagonja. Lachisanulo, asanabwere kwathu, anatulutsa katundu wake yense kumbuyo kwa galimoto n'kumuunjika pampando kuti bokosi lipeze malo. Atafika anatsegula kumbuyoko n'kufunsa kuti bokosi lija lili kuti. Mwana anayankha kuti asavutike, atseke, ababa afufuta.

Ndinatsamiritsa njinga kukhoma n'kuyamba kumasula zingwe, chifukwa manja ankafuna chochita. Ndinalowetsa matiresi, ndinalowetsa bulangete. Bokosi ndinaliika pakona pomwe linali. Katochi ndinakatulutsa m'thumba n'kukaika pamwamba pake, ndi pepala lake lamaluwa, ndipo mkazi wanga atafunsa kuti n'chiyani, ndi pamene ndinamuuza za wotchi. Sanandidzudzule. Anangoti, abambo ake, inu mumayankhula ndi aliyense kupatula anthu a m'nyumba mwanu.

Kusukuluko ana saloledwa mafoni. Amaimba Lamulungu masana pafoni ya amayi oyang'anira kogona, mwana aliyense kanthawi kochepa, ena ali pamzere. Masabata oyamba ankayankhula ndi amake, ine n'kungopatsidwa moni wodzera mwa amakewo. Katochi ndinatumiza kudzera mwa mphunzitsi wina amene ankapita ku Lilongwe, ndipo ndinamva kuti kanafika, wathokoza. Mvula yoyamba itagwa, Lamulungu lina, mkazi wanga anangondiika foni pakhutu osachenjeza aliyense wa ife.

Tinapatsana moni ngati anthu okumana pamaliro. Ndinafunsa za laibulale, anati ilipo, ndi yaikulu, amaloledwa kubwereka. Kenako ndinayamba kufotokoza, mothamanga, kuopa kuti nthawi itha: kabati ya galasi, lamba wofiira, atsibweni ndi chikwangwani cha golosale, parafini, a supavaiza, nkhuku ya chitopa. Ndinayesa kuikamo zoseketsa. Sanaseke, koma sanandidule. Nditamaliza ndi pamene anayankhula.

"Mukanangondiuza, ababa."

"Iwenso ukanandiuza, mayi."

"Ndinaona mwayambira ku dzina lanu."

Ndinati ndinayambira kumeneko chifukwa lako sindikanatha kuliyamba. Sindidziwa ngati anamva, chifukwa kumbuyo kwake kunali phokoso la atsikana. Ndinati bokosi lilipo, ndigula utoto wabuluu, ndilembanso bwinobwino, nditumiza pabasi. Anati ndisavutike, kogona kwawo aliyense ali ndi kabati yake, bokosi lingasowe poika. Ananena mofatsa, sikuti ankandibwezera. Kenako anati pali china choti ndidziwe, kuti ndisadzadabwe ndikadzaona lipoti la mayeso. Kusukuluko analembetsedwa ndi dzina la bambo uja.

"Akaitana m'kalasi ndimachedwa kuyankha, mnzanga amachita kundigwedeza," anatero. "Koma ndikuzolowera."

Ndinati uzolowere, mayi, aphunzitsi sakonda mwana wochedwa kuyankha. Kenako ndinapereka foni kwa amake, n'kutuluka panja.